Ndinayankhira Bambo Kuti Ayi

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo ntchito ikuyenda. Kuno tilipo. Ndikanalemba kuti tili bwino, koma inu munandisintha matewera, mumandidziwa ndikamanama.

Uthenga wanu wa pafoni ndinaulandira pa 2 mwezi watha, ndili m'chipinda cha aphunzitsi kudikira belu. Munangolemba kuti, "Kodi Bambo ndinawapha ndine?" Ndinalemba kuti ayi, n'kufufuta. Ndinalembanso, n'kufufutanso. Belu linalira, ndinalowa m'kalasi, ndipo sindikumbuka zomwe ndinaphunzitsa tsiku limenelo. Papita masabata asanu muli kudikira. Yankho ndi ayi, Achemwali, simunawaphe. Koma ayi wa pafoni mukanangomutenga ngati wokutonthozani, ndiye ndagula mapepala kuti ndikuuzeni mmene ndikudziwira. Mukamaliza kuwerenga mwina simudzafunanso kumva mawu anga. Ndavomera zimenezo.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono, chifukwa zazikuluzo ndikuziopa. Shopu ikadali yotseka. Makina onse awiri ndinawathira mafuta n'kuwaphimba ndi nsalu ya makatani ija inatsala. Anthu akubwerabe kudzatenga zovala zawo, ndipo ena sanamve, amafika n'kumafunsa kuti atelala apita kuti. Sabata yatha kunabwera a Kondakitala, aja Bambo ankawafunsa powayeza kuti, "Mimbayi ndi yanu yonse kapena ina mwasungira munthu?" Ankafuna buluku lawo. Ndinalipeza mwendo umodzi uli wopindidwa bwinobwino, winawo uli ndi mzere wa choko basi. Ndinawauza kuti ndiwapezere telala wina amalize. Anakana. Analipinda n'kuliika m'khwapa, n'kutuluka osatsanzika.

Amayi miyendo ikuwavutabe, koma amayenda. Denga la kukhitchini lija ndinakonza.

Tsopano nkhani ija.

Mukudziwa kuti pakhomo pano ine ndine "Adokotala". Dzinali Bambo anandipatsa tsiku lomwe ndinapita ku yunivesite, ndipo sanalichotse ngakhale nditalephera kulowa maphunziro a udokotala n'kuthera ku uphunzitsi. Inu munkalitchula moseka, iwo ankalitchula monyadira. Ine ndinkachita ngati sindilifuna, koma kunena zoona linkandikoma. Mukukumbuka chitini cha mabisiketi chili pamwamba pa kabati? Mankhwala onse otsala m'nyumba ankathera mmenemo, ndipo woyang'anira wake ndinali ine. Wina akadwala mutu, "Funsani Adokotala." A kunyumba yoyandikana nayo mwana akatentha thupi, "Adokotala alipo?" Ndinkatsitsa chitinicho, n'kuwerenga timapepala nkhope ili gwa, ngati munthu wodziwa.

Bulufeni wa msana ndine ndinawayambitsa Bambo, zaka zinayi zapitazo, inu mukadali kuno. Munthu wokhala chowerama pa makina zaka makumi anayi msana sungamusiye. Ankamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu. Ankati, "Mankhwala a mwana wanga awa, amagwira ngati bawuti."

Inu munachoka mu Janyuwale chaka chatha. Sindibwereza zonse zomwe zinanenedwa tsiku lija. Zaka khumi ndi ziwiri munasoka pambali pawo, ndipo mutapeza ntchito ya kufakitale ija anati mukupita kukasoka makolala a malaya tsiku lonse ngati munthu wopanda mutu. Anatembenuzira makina anu kukhoma. Amayi amati Bambo anayamba kumva kupweteka m'mimba mwezi womwewo. Nanenso ndinkanena choncho. Koma posachedwapa, pokonza shopu, ndinatsegula dirowa ya mabatani n'kupezamo nyenyeswa za buledi zouma. Ndinakumbuka kuti dirowa imeneyo inkakhala ndi buledi kuyambira kalekale. Inuyo munkawaseka kuti atelala amadya mobisa ngati mwana wasukulu. Ankati akamva kutentha pansi pa chifuwa, akalumako kabuledi kumaleka, pakapita maola awiri kapena atatu kumabweranso. Umenewo ndiwo mkhalidwe wa chilonda cha poyambira matumbo, pomwe chifu chimathera. Chinalipo inu musanaganize n'komwe zochoka.

Kumapeto kwa Janyuwale chaka chino dzino linawatupitsa tsaya. Anakana kupita kukachotsa chifukwa cha mayunifolomu a ana asukulu omwe anali atadzaza shopu. Ndinatsitsa chitini. Munali makapisozi ofiira ndi achikasu, maantibayotiki omwe ndinasiya nditachira chifuwa. Ndinawapatsa, ndinagulanso ena owonjezera, anamwa masiku asanu. Tsaya linaphwa. Anauza aliyense wolowa m'shopu kuti Adokotala achita zawo.

Patatha masiku khumi m'mimba munafika povuta, mpaka anavomera kupita kuchipatala. Ndinapempha tchuthi kusukulu n'kuwaperekeza. Tinakhala pa benchi ya m'khonde kuyambira m'mawa, iwo akuyang'ana mayunifolomu a anamwino n'kumandinong'oneza kuti amene anasoka matumba ake ankathamangira basi. Titalowa m'chipinda, dokotala anakweza mutu n'kufuula.

"Aise! Ndiwe?"

Anali mnzanga wa chaka choyamba ku yunivesite, yemwe tinkakhala naye desiki imodzi. Iye anapitirira ku udokotala, ine ndinatsala. Tinali tisanaonane zaka zisanu ndi zinayi. Ananenepa, ali ndi magalasi, koma kuseka kwake n'komwe kuja.

"Madala," anatero kwa Bambo, "uyu ndiye anali katswiri wathu. Ine ndinkakopera kwa iyeyu."

Bambo anakhala tsonga pa mpando. "Kunyumba timamutcha Adokotala."

"Ndiye mwadzatani kuno, muli ndi dokotala pakhomo?"

Tinaseka tonse. Anawagoneka pa bedi, anawasinika pamimba, anafunsa za ululuwo. Kenako anati akuganiza kuti ndi chilonda, ndipo zilonda zotere kawirikawiri zimayamba ndi zinthu ziwiri: tizilombo tina totchedwa H. pylori timene timakhala m'chifu, kapena mankhwala opha ululu a mtundu wa bulufeni. Anati ayeza chimbudzi kuti aone ngati tizilomboto tilipo. Akulemba fomu anayamba kudandaula, monga amachitira anthu otopa ndi ntchito.

"Vuto la anthu athu, aise, makapisozi amangowatafuna ngati mtedza. Dzino, kapisozi. Chimfine, kapisozi. Wina wasiya theka, wina watola. Iwe ndi mphunzitsi, uziwauza ana akowo, mwina akakula adzatimvera."

Ndinagwedeza mutu, ndinati n'zoona, ndi vuto lalikulu.

Ndiye anafunsa, maso ali pa fomu, "Madala, mwezi uno mwamwako maantibayotiki alionse? Makapisozi, kapena mankhwala a asidi?"

Bambo anatembenukira kwa ine, monga ankachitira nthawi zonse kuchipatala, kubanki, kulikonse komwe kuli fomu. Zoyankha mafunso a anthu ophunzira zinali zanga.

Ndinati, "Ayi."

"Za ululu?"

"Mwa apo ndi apo."

Anachonga. Bambo anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana pansi. Sanaganize kuti ndanama. Ndikudziwa mmene ankaganizira: ngati mwana wanga wati ayi, ndiye kuti a dzino aja sawerengedwa.

Ndayesa kudziuza kuti sindinkadziwa kulemera kwa funsolo. Koma ine ndimaphunzitsa za tizilombo, Achemwali. Ndinkadziwa kuti dokotala safunsa funso pachabe. Chomwe chinachitika n'chakuti ndinachita manyazi. Munthu amene ankakopera kwa ine anali atangonditcha katswiri pamaso pa Bambo, ndipo sindinafune kuti aone kuti katswiriyo ndiye wa chitini cha mabisiketi. Palibenso chifukwa china. Ndachifunafuna miyezi yonseyi, chifukwa chokulirapo, chomveka, sindinachipeze.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku awiri, ndipo ulendo umenewo Amayi anapita nafe. Tizilombo sitinapezeke. Mnzanga uja anawapatsa Bambo mankhwala ochepetsa asidi a mwezi umodzi, anati bulufeni asiyiretu, ndipo akutitsegulira chitseko anawonjezera mwa chizolowezi, "Komanso muchepetse maganizo, madala."

Pa zonse zomwe zinanenedwa m'chipindamo, Amayi anatola mawu amenewo okha.

Anakuimbirani tsiku lomwelo, ali kukhitchini. Inu mukudziwa zomwe munamva. Chomwe simukudziwa n'chakuti ine ndinali pa tebulo la pabalaza, ndikuchonga makope, chitseko chili chotsegula. Ndinamva zonse.

"Ayeza, sanapeze kalikonse. Adokotala enieni anena kuti ndi maganizo. Ndiye undiuze, bambo ako akuganiza chiyani ngati si iwe? Ukusangalala kumeneko, munthu akudyeka m'kati."

Ndinamva mawu anu ali kutali, aang'ono, ngati mukufunsa kanthu. Cholembera chofiira chinali m'manja mwanga. Ndinapitiriza kuchonga.

Sabata yomweyo, pa nthawi yopuma kusukulu, ndinafufuza. Sizinatenge mphindi zisanu. Maantibayotiki, ngakhale a dzino, amatifooketsa tizilomboti n'kutichepetsa kwambiri koma osatimaliza. Munthu akayezedwa chimbudzi kapena mpweya pasanathe masabata anayi chimwereni, zotsatira zingathe kunena kuti mulibe pomwe tilimo, tangobisala. Mankhwala a asidi nawonso amatero, amafunika kuwasiya masabata awiri. Bambo anayezedwa patangotha masiku khumi. Pepala lomwe Amayi anakuweruzirani nalo linali lopanda ntchito, ndipo amene analiwononga ndine.

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni. Ayi wa kuchipatala uja anali wa kamphindi. Koma kuyambira Febuluwale mpaka Ogasiti ndinkadziwa, tsiku lililonse.

Sindikuti ndinangokhala. Ndinakonza zoti mankhwala a asidi akatha, padutse masabata awiri, ndiwatengere kuchipatala china komwe kulibe wondidziwa, akayezedwenso mwakachetechete. Tizilombo tikapezeka ndidzangoti makina a koyamba aja analakwitsa. Mwaona mmene ndinkaganizira? Ndinkafuna kukonza zinthu popanda dzina langa kuda. Koma mankhwala a asidi aja anawathandiza, ululu unachepa, ndipo nditatchula zoyezanso anandiseka.

"Adokotala, mukufuna ndikaperekenso chimbudzi m'kabotolo? Kamodzi kaja sikanakwane? Anthu aja ayamba kuganiza kuti ndimawakonda."

"N'kofunika kutsimikiza, Bambo."

"Mnzako anayeza, anati mulibe. Iwe ukudziwa kuposa mnzako?"

Pamenepo ndikanati inde, pa ichi chokha ndikudziwa kuposa iye, chifukwa ndinamunamiza. Ndinati, "Chabwino, tidzaona."

Mu Meyi ululu unabwerera. Ndinawanyengerera mpaka anavomera, tinapangana tsiku. Kutatsala sabata anadwala chifuwa, kukiliniki ya pafupi anawapatsa maantibayotiki ena, ndipo masabata anayi anayambiranso. Atatha, kunabwera oda ya madiresi a kwaya, makumi atatu, ndipo anati sangachoke pa makina. Za bulufeni ndinawaletsa ndithu, ndinachotsa yense m'chitini n'kuikamo panado. Anati panado ndi wa ana. Tsiku lomwe ndinapeza nyenyeswa lija ndinapezanso mapaketi a bulufeni opanda kanthu kuseri kwa dirowa, omwe ankagula okha pa golosale. Ndinawaphunzitsa ndine kuti amagwira.

Nthawi yonseyi Amayi akamva Bambo akubuula ankati, "Mwana ameneyu adzatiika m'manda." Ine ndinkati, "Amayi, musatero." Ndi zokhazo zomwe ndinakuchitirani. Inu munasiya kuimba, ndipo ndinadziuza kuti mwatanganidwa.

Za tsiku lomwe anagwa munangomva mwachidule. Linali Lachisanu, cha m'ma teni m'mawa. Mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu ndiye anandiimbira. Anati anamva makina aima pakati pa msoko, kenako mpando unagwa. Ndinawapeza atadzipinda pansi pakati pa zidutswa za nsalu, thukuta lili kamukamu, mimba ili gwa ngati thabwa. Tepi inali ikadali m'khosi. M'galimoto Amayi anandiuza kuti kwa masiku atatu chimbudzi chawo chinali chakuda bii, koma anawaletsa kundiuza, ati ndingawavutitsenso ndi za kabotolo.

Chilonda chinali chitaboola thumbo. Anawachita opaleshoni madzulo omwewo.

Anakhala masiku asanu ndi anayi. Masiku atatu oyamba tinkaona ngati achira. Inu munaimba kufunsa ngati mubwere, Amayi anati, "Akakuona mtima uthamanga, dikira achire." Ndinali chiimire pambali pawo m'khonde la wodi. Apanso sindinanene kanthu. Pa zonse, ichi ndicho chimandilepheretsa kumeza chakudya: kuti mukanawapeza ali moyo.

Pali chinthu chomwe ndakhala ndikukubisirani, chifukwa ndinkaona kuti sindine woyenera kuchinena. Tsiku lachitatu, namwino akusintha bandeji, Bambo anadzutsa mutu kuti aone bala. Analiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira ntchito ya telala wina.

"Amene wandisoka apayu ndani?"

Namwino anati ndi dokotala wamkulu.

"Wamkulu? Msoko wokhota chonchi? Uyu sanamalize maphunziro." Namwino anaseka mpaka anagwira bedi. Ndiye Bambo anagonekanso mutu n'kunena, "Akanakhala mwana wanga wamkazi, akanaphwasula n'kuyambiranso. Amene uja msoko wake ngakhale uutembenuze kunsi, sungadziwe kuti kunja n'kuti."

Kenako anandifunsa, "Kumene kuja amamupatsa makina abwino?"

Ndinati ndikuganiza choncho.

"Azimupatsa abwino. Asamuwonongere dzanja."

Sanatchule za mkwiyo, kapena za maganizo. Tsiku lotsatira thupi linatentha, mafinya anali atafalikira m'mimba, ndipo sanalankhulenso zomveka.

Inu munabwera pa maliro, munakhala kumbuyo, munagona kwa a zakhali, m'mawa mwake munanyamuka. Ndinakunyamulirani chikwama mpaka pa depoti. Mukukumbuka tinaima mphindi makumi anayi kudikira basi idzaze? Munandifunsa ngati ndikudya mokwanira. Munandikonzera kolala. Mawu onsewa ndinali nawo, koma chomwe ndinakwanitsa kunena n'chakuti, "Muyende bwino."

Patatha masabata awiri mnzanga dokotala uja anandiitana. Pa opaleshoni anali atatengako kanyama ka m'chifu kukayeza, ndipo zotsatira zinali zitangofika. Anandiikira pepala patsogolo. Tizilombo tija tinalimo, tambiri.

"Zikundidabwitsa," anatero. "Mu Febuluwale sitinapeze. Zimachitika, koma ndakhala ndikudzifunsa ngati labu yathu inalakwitsa. Ndikufuna ndilembe lipoti."

Ndinaona kuti munthu wa ku labu, yemwe sindikumudziwa n'komwe, akukalowa m'mavuto chifukwa cha ine. N'zomvetsa chisoni kuti ndinalankhula chifukwa cha mlendo, pomwe chifukwa cha inu ndinakhala chete miyezi isanu ndi umodzi. Ndinamuuza zonse, za dzino, za makapisozi, za chitini.

Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Aise," anatero, "ukanangonena. Ndikanati bwererani pakatha masabata anayi. Tikanatipeza, n'kuwapatsa mankhwala a masabata awiri. Basi."

"Akanakhala moyo?"

"Sindine Mulungu. Bulufeni naye ankadya mbali yake, ndipo madala ako sankamva. Sindingakuuze kuti akanakhala moyo ndithu. Koma sindikunamiza, mwayi unali waukulu."

Ndinamufunsa za maganizo. Ndinamuuza zomwe mawu ake a pachitseko aja anachita kunyumba kwathu. Anagwira mutu.

"Ine ndimangonena choncho kwa aliyense," anatero. "Maganizo angapangitse munthu kumva ululu kwambiri, angamuiwalitse kudya. Koma kukhumudwa ndi mwana sikuboola thumbo. Tizilombo timeneti ambiri amatitenga ali ana. N'kutheka madala ako anali nato iwe ndi mlongo wako musanabadwe."

Ndalemba mawu ake monga anawanenera, kuti musaganize kuti ndi a Adokotala a chitini. Pepala lija ndalijambulitsa, ndaliika m'envulopu momwemu. Mungathe kukalionetsa kwa dokotala aliyense kumeneko.

Uthenga wanu unafika patangopita masiku atatu chichokereni kwa mnzangayo. Ndinali ndi yankho lonse m'thumba la jekete, ndipo ndinakusiyani masabata asanu. Sindikupempha kuti mumvetse. Inenso sindikumvetsa bwino. Ndikuganiza kuti ndinkaopa kutsala ndekha. Pakhomo pano panali mwana mmodzi wolakwa ndi mmodzi wabwino, ndipo ine ndinazolowera mpando wanga.

Ndili ndi zopempha ziwiri, ngati ndikadali ndi malo opemphera.

Choyamba: pa depoti paja ndinaona mukusinika pansi pa chifuwa ndi chala, monga ankachitira Bambo. Mwina inali njala chabe. Koma tinakulira nyumba imodzi, ndipo tizilomboti timayenda m'banja. Ngati kumatentha kawirikawiri, pitani mukayezetse. Akakufunsani za mankhwala, nenani onse, ngakhale a dzino, ngakhale a chimfine. Akati dikirani masabata anayi, dikirani. Ndipo muyankhe nokha.

Chachiwiri: makina anu ndinawatembenuza, akuyang'ananso kukhomo. Sindikunena kuti mubwerere kudzasoka kuno, ntchito yanu ndi yanu ndipo munaipeza ndi manja anu. Ndikungofuna mundiuze chochita nawo, chifukwa a zakhali ayamba kunena zogulitsa, ndipo ine ndawauza kuti mwini wake alipo.

Amayi ndinawauza Lamlungu masana. Anali pa mkeka kuchipinda, akupinda malaya a Bambo kuti apatse abale. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kuyamba kuchokera pa dzino. Sanandidule. Manja awo anapitiriza kupinda mpaka nditafika pa ayi uja, pamenepo anaima. Nditamaliza anafunsa, maso ali pa malaya omwe anali pamiyendo.

"Ndiye si maganizo?"

"Ayi, Amayi."

"Ndiye mwana wanga ndinamunamizira."

"Munanena zomwe munamva. Wolakwa ndine."

"Usandiphunzitse." Mawu awo anali otsika kwambiri. "Tsiku ndinkaimba foni lija, iwe unali kuti?"

"Pabalaza."

"Unkamva?"

"Ndinkamva."

"Ndipo kuchipatala, ndikumuuza kuti asabwere?"

"Ndinali pambali panu."

Anandiyang'ana ngati munthu amene wamupeza m'nyumba mwake osadziwa kuti walowa bwanji. Kenako anati, "Tuluka, ndimalize ntchito yanga."

Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhule. Chakudya amandiikira pa tebulo, atavindikira, iwo n'kukadyera kukhitchini. Dzulo ndinawamva akulira kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala, ndipo sindinapiteko, chifukwa sindikudziwa ngati ndine woyenera kuwatonthoza. Musawaweruze kwambiri, Achemwali. Anataya mwamuna, ndipo ankafuna chifukwa choti achigwire ndi manja. Ine ndinawapatsa inu.

A zakhali akupereka moni. Mayi wa saluni akupereka moni, akuti tsitsi lanu lija musalidule. A Kondakitala anafunsa za inu, ndinawauza kuti mukuyang'anira anthu makumi awiri odula nsalu, anati iwo ankadziwa kale kuti mudzafika patali.

Ndimafuna kutsekera pamenepa, koma Amayi angolowa kumene kudzatenga mbale. Anaona mapepalawa n'kuima.

"Ukulembera ndani?"

Ndinati, "Achemwali."

Anaima pakhomo mbale ili m'manja. Kenako anati, "Umufunse ngati kumeneko kukuzizira."

Ndinati, "Basi?"

Anati, "Zinazo si zolembetsa."

Ndiye ndikufunsa, Achemwali. Kodi kumeneko kukuzizira? Mukafuna kuyankha, musavutike kudzera kwa ine. Ayankheni okha.

Ndine mlongo wanu.